Humber ya agogo yatuluka

Abale inu, njinga ya Humber ya malemu agogo ija imangokhala kuseli kwa khitchini nkhuku nkumagonapo yatuluka lero, simungaizindikire olo pang'ono. Masabata atatu ndili kwa owotcherera, tinadula felemu kumbuyo kwa chishalo nkulumikiza mapaipi kuti italike, foloko tinaipendeketsa kutsogolo ndiye yatsika zoti pedulo kungotsala pang'ono kukanda pansi. Ndi sitayilo ija ya lowrider, ya njinga zotsika pansi, ya anyamata aku Los Angeles, iwo ankapanga pa njinga za Schwinn Sting-Ray cha m'ma 1960, ine ndapanga pa njinga yomwe inkapita ndi matumba a chimanga kuchigayo kkkk.

Chinandisowetsa mtendere ndi tcheni. Felemu ikatalika imodzi siikwana, ndinagula ziwiri zakale kumsika nkulumikiza koma imangovuka, mpaka tinaifupikitsa pang'ono ndi pomwe inakhazikika. Tsiku loyesa pedulo inagunda hampu ndinakagwera kutsogolo kwa amayi ogulitsa tomato, anaseka mpaka misozi. Pano ndaika zopalasira zazifupi za njinga ya ana.

Penti ndi wa sipuleyi, zitini ziwiri, wofiira. Chishalo chachitalicho ndapanga ndekha ndi thabwa, siponji ndi chikopa cha sofa wakale. Belu lokha sindinakhudze, ndi la agogo limenelo.

Amalume akwiya ati ndaononga njinga, kaliyala wapita kuti nanga makala tizinyamulira chani. A kabaza pasiteji akungofunsa ngati imakwera chitunda. Siikwera, ndimatsika nkumakankha.