Musamangothamangira kunkhondo, ma general anu akudana

Anyamata amene timasewera nawo Total War: Three Kingdoms kuno ku Kasungu boma ambiri amangofuna kulanda mizinda basi, koma anthu awo omwe samawayang'ana n'komwe, kenako akudabwa kuti general wabwinobwino wathawa. Gemu imeneyi inatuluka mu 2019, anapanga a Creative Assembly, nkhani yake imayambira ku China chaka cha 190 ufumu wa Han ukugwa, ndipo chimene chimandikoka ine ndi choti general aliyense ali ndi mtima wake.

Mu army imodzi mumalowa ma general atatu okha, aliyense ndi magulu ake a asilikali mpaka 6. Ndiye ukaphatikiza awiri osagwirizana, olo akhale amphamvu bwanji, satisfaction yawo (mlingo wa mmene akukhutirira nawe) imangotsika pang'onopang'ono iwe uli bize kumanga minda ndi misika, tsiku lina umangoona munthu wapita, ndipo sapita yekha, amatenga asilikali ake omwe unawalipirira ndalama zako. Zili ngati tenanti pa esiteti ya fodya, ukamunyalanyaza sakuuza kuti ndikupita, umangopeza m'nyumba mulibe munthu fodya ali pa shedi.

Ine turn iliyonse ndisanasunthe army ndimayamba ndatsegula kaye court, pomwe pamaoneka anthu ako onse ndi maudindo awo, n'kuona ndani nkhope yagwa. Wina amangofuna udindo, umupatse commandery (chigawo cha dziko lako) ayang'anire, wina kavalo kapena lupanga zimamukwanira, wina ndiye palibe chimene ungachite koma kumuchotsa pafupi ndi mdani wakeyo n'kumutumiza kutali. Maudindo amadya ndalama inde, salary imakwera, koma bola zimenezo kusiyana n'kukakumana naye kunkhondo ali mbali ya Cao Cao, mmodzi mwa atsogoleri amene mukulimbirana nawo dziko.

Amene mukuyamba kumene tengani Liu Bei akhale mtsogoleri wanu. Iyeyu ndi Guan Yu ndi Zhang Fei analumbirirana ubale, ndiye mumaona nokha mmene anthu okondana amamenyera limodzi, mmodzi akagwa pabwalo enawo amapsa mtima zoopsa. Ndipo amene amenya nkhondo zambiri limodzi ubwenzi umakula wokha, nchifukwa chake sindikonda kumangowasinthasintha.

Lü Bu yekha ndiye aaa, aliyense amamufuna poti pa duel (ma general awiri kumenyana okhaokha) palibe omuima, koma munthu ameneyu m'mbiri yeniyeni anapha Ding Yuan mu 189 kenako Dong Zhuo mu 192, onsewo mabwana ake. Ine ndikamupeza ndimamulemba ntchito, koma mzinda wofunika sindimusiyira.