Makapisozi a mafuta a nsomba

Abale anga kuno ku Joni, alamu anga abwera ndi botolo la makapisozi a mafuta a nsomba, akuti amateteza ku khansa ya m'matumbo. Mtengo wake, mayo ine! Ndawauza kuti kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2018 sanapeze kuti makapisoziwa amachepetsa khansa. Omega-3, mafuta amene ali m'makapisoziwa, alimonso mu usipa wathu ndi m'nsomba za m'chitini zogula pa spaza.

Chimandiopsa ine ndi poloni ndi masoseji tikudya m'mawa uliwonse pothamangira takisi. Nthambi ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, inanena mu 2015 kuti nyama zokonzedwa chonchi zimayambitsa khansa yomweyi. Nyemba ndi mgaiwa tinazinyozeranji?

Alamuwo akuti amalizabe botolo lawo, ndalama zinapita kale.