Kuphunzitsa mnyamata wa kabaza kupalasa mosathamanga

Lolemba kusanache bwinobwino, foni yanga imakhala itayamba kale kulira. Pa opalasa njinga 7 amene ndimawaphunzitsa kuno ku Zomba, aliyense amadziwa lamulo langa: ukadzuka, usanaponde pansi, ika zala ziwiri pakhosi, uwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, unditumizire nambalayo pa WhatsApp. Ine ndimazilemba m'kope lachikuto chofiira. Anzathu a ku Ulaya ali ndi makina omangirira panjinga oyeza mphamvu ya mwendo, omwe mtengo wake umaposa njinga zina zimene ana angawa amapalasa. Ife tili ndi kope, zala ziwiri ndi maso, ndipo zikagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku zimanena zambiri.

Lolemba timapuma, choncho ndinangotsuka matcheni ndi kulemba ndondomeko ya sabata. Manambala onse anali bwino. Mnyamata amene ndikufuna kukamba za iye anatumiza 53, pamene masiku ambiri amakhala pa 52.

Ali ndi zaka 19 ndipo ndi wa kabaza. Ndinamuona koyamba akukwera chitunda atanyamula mayi ndi dengu la tomato kumbuyo, panjinga yopanda magiya, mapewa osagwedezeka n'komwe. Miyendo yotere simaipeza kawirikawiri. Vuto lake n'lakuti amadziwa liwiro limodzi lokha. Pa kabaza, wofulumira ndi amene amabwerera msanga pasiteji kukatenga kasitomala wina, ndiye thupi lake linaphunzira kuti kupalasa n'kudzipanikiza basi. Ndikamuuza kuti lero tiyenda mofatsa, amandiyang'ana ngati ndamulanda chakudya.

"Kochi, kupalasa ngati agogo chonchi, mpikisano tidzawina bwanji?" Amafunsa pafupifupi sabata iliyonse.

Yankho langa silisintha. Katswiri wina wa sayansi ya masewera, Stephen Seiler, wa ku America koma wogwira ntchito ku Norway, anafufuza momwe akatswiri a masewera a mtunda wautali amakonzekerera. Anapeza kuti pa maulendo 10 okonzekera, pafupifupi 8 amakhala ofatsa, oti munthu n'kumacheza ali panjinga, ndipo awiri okha ndi amene amakhala owawa. Kuyenda kofatsa kwa maola ambiri n'kumene kumachulukitsa timitsempha ting'onoting'ono tofikitsa magazi m'minofu, kumakulitsa kuchuluka kwa magazi amene mtima umapopa pa kugunda kumodzi, komanso kumazoloweretsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta m'malo momaliza msanga shuga wosungidwa. Zimenezi sizibwera m'mwezi umodzi, zimatenga zaka. Munthu wopalasa mwapakatikati tsiku lililonse, osafatsa koma osafikanso pachimake, amangokhala wotopa nthawi zonse, ndipo tsiku loti alimbe zenizeni likafika miyendo imakhala ilibe kanthu.

Lachiwiri ndilo tsiku lowawalo. Tinakumana 5 koloko m'tauni, n'kuyenda mofatsa mphindi 25 kuti thupi litenthe, kenako tinalowa msewu wokwera phiri wopita ku Ku Chawe. Ntchito inali iyi: kukwera mwamphamvu mphindi 8, kupuma mphindi 2, kanayi. Ndimakonda mphindi 8 chifukwa n'zazitali mokwanira kuti mtima ukhale pamwamba nthawi yaitali, komanso sizilola munthu kuyamba ngati akuthawa njuchi. Chimene ndimayang'ana ndi mtunda. Ndimaima ndi njinga yamoto n'kuika chizindikiro pamene aliyense wafika. Ngati ulendo wachinayi wafanana ndi woyamba, ndiye kuti munthuyo wadzigawa bwino.

Mnyamata wanga ulendo woyamba anawasiya anzake onse kutali, mpaka azibambo otsika ndi nkhuni panjinga anaima kumuonerera. Wachiwiri anabwerera m'mbuyo pang'ono. Wachinayi anapitiriridwa ndi mtsikana yekhayo wa m'gulu lathu, wa zaka 17, yemwe maulendo ake onse anayi anathera pafupifupi pamalo amodzi. Mtsikanayu samakonda giya yolemera. Amazunguza miyendo mofulumira, maulendo cha m'ma 85 kapena 90 pa mphindi ngakhale pachitunda, ndipo sayang'ana amene ali kutsogolo kwake. Sindinamuphunzitse zonsezi ndine. Kudekha anabwera nako kuchokera kwawo.

Potsika ndimakhala wolimba mtima kwambiri pa lamulo limodzi: palibe kupikisana. Msewu uja ndi wopapatiza, wokhotakhota, ndipo pamakhala amayi osenza mitolo ya nkhuni ndi magalimoto okwera. Ndinatsogola ine, onse pambuyo panga, manja pamabuleki.

Tili pansi, mnyamatayo anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa Biniam Girmay akuwina. Ana onsewa amamukonda, ndipo n'zomveka: mnyamata wa ku Eritrea amene mu 2022 anawina mpikisano wa njinga wa ku Belgium wotchedwa Gent-Wevelgem, ndipo mu 2024 anapambana zigawo zitatu za mpikisano waukulu wa Tour de France n'kutenga malaya obiriwira, omwe amapatsidwa kwa wopeza mapointi ochuluka. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, kanemayu akukuonetsa masekondi omaliza okha. Maola asanu amene anakhala mkati mwa gulu akubisala ku mphepo, akudya, akusunga mphamvu, palibe amene amawatumiza pa foni." Ndinamukumbutsanso za mpikisano wa dziko lonse lapansi umene unachitikira ku Kigali mu Seputembala 2025, woyamba kuchitikira mu Africa, momwe Tadej Pogačar anapambana pa mtunda wopitirira makilomita 260 wodzaza zitunda. Mtunda wotero sulola munthu wodziwa liwiro limodzi.

Lachitatu linali la ola limodzi ndi theka mofatsa, aliyense payekha. Ine ndinakhalira kusaka tayala la njinga ya mpikisano, la saizi ya 700c, m'mashopu, lomwe kuno silipezeka msanga ngati matayala a njinga za kabaza, mpaka ndinachita kuitanitsa ku Blantyre.

Lachinayi m'mawa nambala ya mnyamatayo inali 64.

Kukwera ndi 12 si nkhani yaing'ono. Kuno kwathu chinthu choyamba chimene ndimaganiza ndi malungo, chifukwa nthawi zina mtima umayamba kuthamanga munthu asanamve kuphwanya m'thupi. Ndinamuletsa kukhudza njinga n'kumutuma kuchipatala chaching'ono chapafupi ndi kwawo kuti akamubaye chala. Masana anabwera kunyumba kwanga ndi zotsatira: malungo palibe. Ndinamukhazika pakhonde, mayi akunyumba anamupatsa thobwa, ndipo ndinamufunsa kuti dzulo lake linayenda bwanji.

Anayamba wazungulira, kenako ananena zoona. Ola ndi theka lija anapalasadi mofatsa monga ndinanenera. Atatero anapita pasiteji, ndipo popeza kunali anthu ambiri a katundu, ananyamula matumba a chimanga ndi mbatata kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Anadya mandasi awiri basi. Usiku anagona mochedwa chifukwa ankakonza sipoko yothyoka.

Apa ndinaona kulakwa kwanga. Kwa miyezi inayi ndakhala ndikulemba ndondomeko yake ngati ya mwana wasukulu amene akatsika panjinga amakakhala pa desiki. M'kope langa munali maola 11 pa sabata, koma thupi lake linkanyamula mwina kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Minofu siisiyanitsa kuti uku n'kukonzekera mpikisano, uku n'kusaka ndalama ya ufa. Ndipo mphamvu sizikula pa nthawi imene munthu akudzipanikiza. Zimakula pambuyo pake, akadya ndi kugona, thupi likamakonza zimene zawonongeka. Iye nthawi yokonzayo analibe.

"Kochi, ndikapuma ndiye kunyumba adya chiyani?" Funso limeneli silili m'mabuku a ophunzitsa a ku Ulaya, ndipo sindikanamuyankha ndi sayansi. Tinakhala pansi ndi pensulo. Tinagwirizana kuti maulendo ofatsa a mkati mwa sabata awasiye, chifukwa kabaza akumupatsa kale maola ochuluka. Chofunika n'choti akanyamula munthu asamathamange ngati kale, ndipo matumba olemera awapewe tsiku lotsatira Lachiwiri. Kwa ine azibwera kawiri kokha: tsiku la chitunda ndi tsiku la ulendo wautali. Lamulungu asakhudze njinga iliyonse. Ndalama ya Lachinayi limeneli, lomwe ndinamuuza kuti agone, ndinamupatsa ine. Sindingathe kutero sabata iliyonse, ndipo nkhani imeneyi ikundivutitsabe maganizo.

Lachisanu ndinapita kukaonana ndi bambo a mtsikana uja, omwe ankada nkhawa ndi mayeso a Fomu 4 komanso zoti mwana wawo aziyenda mtunda wautali ndi anyamata. Ndinawalonjeza kuti nthawi ya mayeso ikayandikira tidzachepetsa maola, ndiponso kuti paulendo uliwonse wautali ndimakhala pambuyo pawo ndi njinga yamoto. "Chabwino aphunzitsi, koma dzuwa lisamulowere panjira," anatero.

Loweruka nambala ya mnyamatayo inatsika kufika pa 55, ndiye ndinamulola kubwera. Ulendo unali wa ku Liwonde ndi kubwerera, makilomita opitirira 100 pa msewu wa M3, kudutsa Domasi ndi Malosa. Njira imeneyi imanyenga. Popita mumatsikira ku chigwa cha Shire, miyendo n'kumamveka yopepuka, koma pobwerera zitunda za ku Machinga zimakudikirani dzuwa litakwera kale, ndipo ku Liwonde kumatentha kuposa ku Zomba.

Chakudya ndimachitenga ngati gawo la maphunziro. Paulendo wopitirira maola awiri, thupi limafuna pafupifupi magalamu 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola. Nthochi imodzi yaikulu bwino ili ndi magalamu 25 kapena kuposerapo pang'ono. Choncho aliyense amanyamula nthochi, mbatata yophika yodula m'zidutswa, ndi botolo la madzi momwe timathira masupuni aakulu asanu a shuga pa lita imodzi ndi kamchere kotapa ndi zala. Mphindi 30 zilizonse ndimaliza hutala, ndipo onse amadya, kaya ali ndi njala kaya alibe. Amene amadikira njala amakhala atachedwa kale.

Kuti ndidziwe ngati akuyendadi mofatsa, ndimawayankhulitsa. Ndimayandikira mmodzimmodzi n'kumufunsa za mpira, za kumudzi, chilichonse. Akayankha chiganizo chathunthu osadukiza, liwiro lili bwino. Akayamba kudula mawu, ndimatsitsa gulu lonse. Mnyamata wanga ndinamuika pambuyo penipeni pa mtsikana uja ndi lamulo loti tayala lake lisapitirire la mnzakeyo. Mpaka pa Kamuzu Barrage anamvera, akundifotokozera za mitengo ya ma sipeya.

Pobwerera, pachitunda chachitali, mnyamata wina wa kabaza wopanda katundu anatipitirira akuimba belu. Ndinaona mapewa a mwana wanga akuuma. Anaimirira pamapedulo, n'kuthamanga mamita ngati 200, kenako anayang'ana m'mbuyo, anakhala pansi, n'kudikira gulu. Sindinamukalipire. Miyezi iwiri yapitayo akanamuthamangitsa mpaka pamwamba n'kufika ku Domasi atatheratu.

Tinalowa m'tauni patatha maola anayi ndi mphindi zingapo. Awiri anali atatopa kwambiri, mmodzi chifukwa anataya nthochi zake panjira osanena. Mnyamata wa kabaza anatsika panjinga n'kunena modabwa kuti akumva ngati angathe kubwereranso ku Malosa. Ndinamuuza kuti apite akadye nsima, agone.

Lamulungu titachoka ku tchalitchi ndinatsegula kope lija n'kujambula mzere watsopano patsamba lake, pambali pa maola a maphunziro, n'kulemba pamwamba pake kuti "kabaza". Kuyambira mawa azinditumizira manambala awiri: kugunda kwa mtima m'mawa, ndi maola amene wakhala pasiteji madzulo.