Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Usiku umene ndinatsekera anthu m'kompyuta

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinapeza ganyu pa kashopu kokonza makompyuta ku Johannesburg, m'chaka cha 1995. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti kuchipinda chakumbuyo kunali kompyuta imodzi yomwe sinkazimitsidwa, usana ndi usiku, ndipo tsiku loyamba lomwe bwana anandichenjeza kuti ngakhale posesa tsache lisaiyandikire.

Imeneyo inali BBS (Bulletin Board System), ngati bolodi la mauthenga la pa kompyuta. Achinyamata a pa WhatsApp, imvani. Kunali kompyuta, modemu (kachipangizo kolumikiza kompyuta ku telefoni) ndi waya wa telefoni, basi. Munthu ali kwawo ankaimba nambala yathu kudzera pa kompyuta yake, modemu n'kulira ngati nkhululu, kenako ankalowa, kuwerenga mauthenga, kusiya ake, kutenga mafayilo. Popeza laini inali imodzi, ankalowa mmodzimmodzi ngati pa mjigo. Usiku kwambiri makinawo ankaimbirana ndi anzake a FidoNet, mgwirizano wa ma BBS a m'maiko osiyanasiyana, kupatsirana makalata, ndipo mumgwirizanowo Africa yonse inali chigawo chotchedwa Zone 5.

Pulogalamu yoyendetsa zonsezi inali PCBoard, ya kampani ya Clark Development ya ku Utah, ku America. Kuyambira mu 1993 inali ndi chinenero chakechake cholembera mapulogalamu chotchedwa PPL. Umalemba malangizo ako m'fayilo ya PPS, kuipititsa mu pulogalamu yomasulira yotchedwa PPLC, n'kutuluka fayilo ya PPE yomwe BBS imatha kuiyendetsa.

Bwana sanandiphunzitse. Ataona kuti nthawi ya nkhomaliro ndimangoyang'anitsitsa sikirini, anandiponyera chibuku chonenepa ndi disiketi imodzi, nati ndizisewera pa kompyuta yakale ya mtundu wa 386 yomwe kasitomala wina anaithawa chifukwa cha bilu. Bukulo ndinaliwerenga masiku atatu osatolapo kanthu. Chinandithandiza ndi disiketi ija, momwe munali timapulogalamu ta anthu ena. Ndinatsegula kamodzi kakafupi, n'kusintha mzere umodzi wokha, kuti ndione chichitike n'chiyani. Mzere wake ndikuukumbukira mpaka lero:

PRINTLN "@X0EMuli bwanji, ", U_NAME()

PRINTLN imalemba mawu pa sikirini, @X0E imawapaka chikasu, U_NAME imatenga dzina la amene walowa. Nditaona dzina langa likupatsidwa moni m'Chichewa, m'zilembo zachikasu, pakati pa Joni, ndinaimirira n'kuzungulira mpando kawiri.

Kuchokera apo ndinkayenda mwa kamba. Sabata imodzi ndinathera pa kusiyanitsa STRING, yosunga mawu, ndi INTEGER, yosunga manambala. Sabata ina pa INPUTSTR, yofunsa munthu funso n'kudikira yankho. Kenako IF ndi ENDIF, zouza kompyuta kuti ichite chinthu pokhapokha chakutichakuti chikachitika. PPLC ikakana inkatchula mzere wolakwika, ndipo kawirikawiri vuto linkakhala kachizindikiro kamodzi koiwalika. Ndinagula kope la sukulu momwe ndinkalemba cholakwa chilichonse ndi mankhwala ake. Mwana wa mchemwali wanga atandifunsa chaka chatha kuti chinenero cha mapulogalamu cha Python ayambire pati, ndinamuuza zomwezo: tenga kapulogalamu ka wina kamene kakugwira kale ntchito, ukawononge pang'ono, ukakonzenso, ndipo kope likhale pambali.

Amalume, omwe ndinkagona kwawo ku Yeoville, zinkawadabwitsa. "Mphwanga, anzako akubwera ndi mabulangete ndi njinga, iwe ukubwera ndi kope. Kumudzi ukawaonetsa chiyani?" Ndinkangoti, "Amalume, dikirani muone." Iwo ankaseka n'kupitiriza kusita malaya awo a kuntchito.

Patatha miyezi itatu mtima unakula. Ndinalemba kamndandanda kosankhira, kuti wolowa adine 1 aone mafayilo atsopano, 2 aone amene alowa tsikulo. Akamaliza, GOTO inkamubwezera pamwamba kuti asankhenso. Ndinayesa 1, zinatheka. Ndinayesa 2, zinatheka. Bwana anali pa changu Lachisanu limenelo, anangoyang'ana pang'ono n'kulola kuti ndikaike pa makina enieni, kuti kazituluka munthu akangolowa.

Khomo lotulukira ndinali nditaliiwala.

Aliyense wolowa usiku umenewo ankangozungulira pa 1 ndi 2. Kudina Q kuti atuluke, kamndandanda kabwereranso. Kudina G kuti atsanzike, kabwereranso. Makalata ake osawafikira, ndalama za telefoni zikupita, mpaka atatopa n'kudula yekha. Wina wa ku Durban, amene ankalipira mtengo wa foni yakutali, anayesa kanayi. Loweruka m'mawa telefoni ya pashopu inayamba kulira tisanatsegule n'komwe, ndipo mawu ena amene ndinamva tsikulo m'Chiafrikaans sindingawalembe pano.

Bwana sanakalipe. Anachotsa fayilo yanga, nandikhazika pa 386 ija, nati ndilowe ngati mlendo wosadziwa kanthu, ndidine chilichonse chimene chala chagwera. Pasanathe mphindi ndinali nditakodwa mu msampha wanga womwe. Kukonza kwake kunali mizere itatu: IF yoona ngati munthu wadina Q, END yomutulutsa, ndi ENDIF. Pa tsamba loyamba la kope lija ndinalemba ndi bolopeni yofiira kuti "Atulukira pati?"

Lolemba kamndandanda kanabwerera pa makina, ndipo moni wa Chichewa uja bwana anati ukhale nawo pamenepo. Patapita masabata awiri ndinapeza uthenga wochokera kwa munthu wa ku Pretoria, wa mzere umodzi: "Ndili bwino, kaya inu achimwene? Kwanu n'kuti?" Za munthu ameneyu, ndi momwe anandipezera ntchito yachiwiri, ndidzakusimbirani m'gawo 15.