Masiku anayi pa Mulanje ndi sola yopinda

Tinali anthu anayi, ndipo tinapangana zokwera phiri la Mulanje mwezi wa Julaye, kugona komweko masiku atatu, n'kukaponda pa Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002. Aliyense anapatsidwa mbali yake. Wina anasenza za ufa ndi ndiwo, wina za mankhwala, wina zokambirana ndi otsogolera njira ku Likhubula. Ine anandisiyira za moto wa mafoni, popeza ndinali nditagula sola yopinda ya mapiko anayi, imene ukaipinda imalowa m'chikwama ngati kope lalikulu. Nkhaniyi sindinaitenge mopepuka. Mapu a njira anali m'foni, matochi awiri anali otchaja, ndipo mayi anga, amene anakula akumva kuti ku Sapitwa sapitako, anandilumbiritsa kuti ndiziwaimbira paliponse pamene netiweki yagwira.

Ndinayamba ndi kuiyesa ndili kunyumba ku Chilomoni, kudakali sabata yathunthu. Pa solapo analembapo 28W, kutanthauza mawati 28. Nambala imeneyi amaipeza ku fakitale, pa kuwala kwa mawati 1,000 pa sikweya mita imodzi, kutentha kwa sola kuli madigiri 25, ndipo panja zinthu ziwirizi zimakumana mwa apo ndi apo. Ndinabwereka kamita kakang'ono kolowetsa pakati pa sola ndi chingwe. Masana, kumwamba kuli mbee, kanaonetsa mavoti 5 (5V) ndi maampu 2.3 (2.3A), zimene ukazichulukitsa zimapereka mawati 11 ndi theka pa bowo limodzi la USB. Poyamba ndinkayesa kuti andigulitsa yachinyengo, koma nditawerenga kapepala kake ndinapeza kuti bowo lililonse silitulutsa kupitirira 2.4A. Ukalumikiza chinthu chimodzi chokha, mphamvu yotsalayo imangopita pachabe. N'chifukwa chake ndinanyamula mapawabanki awiri a 10,000mAh m'malo mwa imodzi yaikulu, kuti mabowo onse awiri azigwira ntchito nthawi imodzi.

Masamu ake ndinawachita pakhonde pomwepo. Pawabanki ya 10,000mAh ili ndi batire la 3.7V, ndiye imasunga mphamvu yofanana ndi mawati 37 kwa ola limodzi. Ndikalumikiza awiri, iliyonse inkalandira mawati 8 kapena 9, ndipo popeza ina imatayika ngati kutentha, pankafunika maola asanu a dzuwa labwino kuti onse adzaze. Potulutsanso imataya ina, moti pawabanki yotere imadzaza foni ya 5,000mAh kamodzi n'kutsala pang'ono chabe. Ndinayesanso zingwe. Chachitali chopyapyala chimene ndimagwiritsa ntchito kuchipinda chinatsitsa nambala ija kufika pa 1.5A, pamene chachifupi chonenepa chinaibwezera pamwamba. Chachitalicho chinatsala kunyumba. Usiku woti mawa tinyamuka ndinadzaza chilichonse ndi magetsi a m'nyumba, ndipo ndinauza anzanga kuti achite chimodzimodzi, chifukwa ntchito ya sola ndi kubweza moto umene wadyeka panjira.

Tsiku loyamba tinadzera njira ya Chapaluka, yodutsa pa Dziwe la Nkhalamba, kulowera ku Chambe. Ndinatambasula sola n'kuimangirira kumbuyo kwa chikwama, monga mmene amaonetsera pa bokosi lake. Sizinapindule kwenikweni. Njira imakhotakhota, pena m'mitengo, pena m'khwawa, ndipo msana wa munthu woyenda umaloza kulikonse kumene njira yamutembenuzira. Titayenda maola anayi, pawabanki imene tinali titatchajira matochi m'basi inangoonjeza kagetsi kamodzi mwa tinayi. Komanso thanthwe lina linakanda phiko lam'munsi pamene ndinkakhala pansi kuti ndipume. Kuyambira pamenepo sola inkayenda yopinda, m'kati mwa chikwama, pakati pa zovala.

Tinafika pa nyumba yogonamo ya Chambe cha m'ma 3 koloko masana. Mnzanga wina, foni yake ili pa 20 peresenti chifukwa chojambula mathithi, anailumikiza mwachindunji ku sola. Timitambo tinkadutsa, ndipo kamtambo kalikonse kakaphimba dzuwa foni inkasiya kutchaja, kakachoka inkalira n'kuyatsa sikirini. Patatha theka la ola inali pa 21 peresenti. Mafoni ena moto ukatsika amatsikira pa liwiro lochepa n'kukhala pomwepo ngakhale dzuwa litabwerera, mpaka utazula chingwe n'kuchilowetsanso. Pawabanki ilibe makani otero, imalandira kamene kabwera. Tinagwirizana lamulo limodzi madzulo amenewo: masana sola idyetse mapawabanki, usiku mapawabanki adyetse mafoni. Tinagwirizananso kuti mafoni onse azikhala pa kachizindikiro ka ndege, kupatula pa mitunda imene otitsogolera ankadziwa kuti netiweki imafika, chifukwa foni ikamasakasaka netiweki kumene kulibe imadya batire kuposa ikamagwiritsidwa ntchito.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndinaphunzira ntchito yeniyeni. Ndinapempha anzanga kuti tilawirire, tikafike pa nyumba yogonamo ya Chisepo, poyambira kukwera Sapitwa, dzuwa lisanakwere kwambiri, m'malo mocheza ku Chambe mpaka 9 koloko. Mu Julaye usana ndi waufupi, 5 koloko ikamakwana dzuwa limakhala likupendekera kukalowa, ndipo pakati pa mapiri mthunzi umafika msanga kuposa kuchidikha. Maola amphamvu ndi ochokera 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Tinafika 11 koloko isanakwane, ndipo ndisanavule nsapato ndinayamba kufuna malo.

Mulanje ali pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, choncho m'nyengo yozizira dzuwa silidutsa paliwombo ngati mu Okutobala ndi Novembala. Limadzera chakumpoto, ndipo masana enieni limakhala madigiri 50 ndi pang'ono kuchokera pansi. Ukayala sola pansi ngati mphasa, kuwala kumaimenya mopendekera. Iyenera kuyang'ana kumpoto, itatsamira madigiri pafupifupi 40. Ndinalibe choyezera madigiri, koma njira ilipo yosafuna chida. Ndinathyola kamtengo kotalika ngati chala, n'kukaimika chilili pakati pa phiko limodzi. Chithunzithunzi chake chikakhala chachitali, ndiye kuti sola yapenya kolakwika. Ndinkaitembenuza pang'onopang'ono, kukweza ndi kutsitsa, mpaka chithunzithunzicho chitazimirira pansi pa kamtengoko. Kamita kanachoka pa 1.4A ili yoyala pansi n'kufika pa 2.2A. Dzuwa limasuntha madigiri 15 pa ola, ndiye ola lililonse ndinkabwerera ndi kamtengo kanga n'kuitembenuzira pang'ono chakumadzulo.

Kumbuyo ndinatsamiritsa ndi miyala iwiri ndi chikuni, kusiya mpata woti mpweya uzidutsa, popeza sola ikatentha imachepa mphamvu. Pa phiri kuzizira kumatithandiza pa nkhani imeneyi. Mphepo ndiyo inali mdani. Sola yopinda ndi yopepuka, kamphepo kakailowa pansi imauluka n'kukoka mapawabanki. Ndinalowetsa chingwe m'timabowo ta m'makona n'kumangirira ku miyala. Mapawabanki sindinawasiye m'kathumba ka pa sola, chifukwa mmenemo mumatentha, ndipo batire silifuna kutentha. Ndinawaika pansi mumthunzi wa sola yomweyo, pamwamba pa chipewa changa.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi mthunzi. Nditakonza zonse ndinaona nambala ikukwera ndi kutsika popanda mtambo uliwonse. Ndinayang'ana zingwe, ndinayang'ana mabowo, osapeza kanthu. Achimwene amene ankatitsogolera ndi amene analoza: "Achimwene, taonani udzuwo." Tsekera ziwiri zinkagwedezeka ndi mphepo, n'kumaponya kamthunzi kopyapyala pa kona ya phiko limodzi. Timagalasi ta m'phiko lililonse timalumikizana motsatizana ngati mikanda pa ulusi, ndiye kamodzi kakaphimbika, mphamvu ya mzere wonse imatsika. Ndinayesa dala kuika chikhato changa pa kona imodzi, nambala n'kugwa pafupifupi ndi theka. Ndinasunthira sola pa thanthwe lopanda udzu pafupi, ndinaipukuta fumbi ndi kansalu konyowa, ndipo pofika 4 koloko pawabanki imodzi inali yodzaza, inayo ili ndi timagetsi titatu.

Usiku kunazizira kwambiri. M'mawa udzu unali utayera ndi chisanu. Batire la foni ndi la pawabanki limafooka m'kuzizira, ndipo kulitchaja pamene madzi akuundana kumaliwononga m'kati. Choncho mapawabanki ndi mafoni tinkagona nawo m'matumba athu ogonamo, kumapazi, ndipo kutchaja kunkachitikira momwemo. Tinkayamba ndi foni ya mapu, kenako matochi, kenako ya otitsogolera, ndipo ena onse ankagawana zotsala. Palibe amene ankadzaza mpaka 100. Foni ikafika pa 70 kapena 80 peresenti tinkazula n'kupatsa wina.

Tsiku lachitatu linali la Sapitwa. Kupita ndi kubwera kuchokera ku Chisepo kumatenga usana pafupifupi wonse, ndipo njira yake ndi yokwawa m'matanthwe ndi kupanikizika m'mipata ya miyala, moti sola sikanapindula kanthu pamsana. Ndinaganiza zoisiya ndi alonda a panyumbapo, bambo achikulire ofatsa. Tinanyamuka kusanache bwino, ndiye ndinaikonzeratu pa thanthwe lija, itayang'ana kumpoto chakum'mawa, koma mapawabanki ndinawapatsa m'manja.

"Bambo, awa musawalumikize msanga. Dikirani chisanu chisungunuke, akhale m'nyumba pafupi ndi inu kaye. Mukawalumikiza, muziitembenuza ndi kamtengo aka monga munandionera dzulo."

"Ndamva mwanangu. Koma kummwera uko sikukundisangalatsa. Chiperoni chikabwera nditani?"

"Mukaona nkhungu ikuyamba kunyowetsa, zulani mapawabanki, pindani sola, mulowetse m'nyumba. Mapiko sawopa timadontho, koma mabowo a zingwewa madzi sawafuna."

Anali atanena zoona. Tinafika pansonga kumwamba kukadali koyera, tinaona minda ya tiyi ili biriwiri kumunsi, koma potsika, cha m'ma 1 koloko, nkhungu inatikwirira. Chiperoni ndi mphepo yozizira yonyowa yochokera kummwera chakum'mawa, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chikagwira Mulanje chimatha kukhala masiku. Tinatsika pang'onopang'ono, matanthwe akuterera, otitsogolera ali patsogolo, ine ndikuyang'ana mapu m'foni nthawi ndi nthawi. Apa ndi pamene ndinayamikira kuti foni imeneyo ndi imene inkayamba kudya usiku uliwonse. Tinafika kukuda, matochi onse awiri akuyaka.

Alonda aja anali atapinda sola bwinobwino n'kuiika pa benchi kutali ndi moto. Anati anaitembenuza katatu nkhungu isanafike. Maola anayi amenewo anakweza mapawabanki onse awiri kufika pa timagetsi titatu. Anali ndi kafoni kawo ka mabatani kamene kanazima masiku awiri apitawo, ndipo ndi kamene tinayamba kutchaja usiku umenewo. Sikanachedwe kudzaza, batire lake ndi laling'ono.

M'mawa wa tsiku lachinayi chiperoni chinali chikadalipo. Ndinatambasula sola pakhomo kwa mphindi zochepa kuti ndione. Kamita kanaonetsa 0.3A, kenako pawabanki inasiya n'kuphethira komwe. Ndinaipukuta mame ndi malaya ouma, kuti isapindidwe ndi chinyontho, n'kuilonga. Zimene tinakolola dzulo lake ndi dzana ndi zimene zinatitsitsa phiri. Pa mtunda wina, nkhungu itang'ambika pang'ono, otitsogolera anaima n'kunena kuti apa imagwira. Ndinachotsa kachizindikiro ka ndege, foni ili pa 58 peresenti, ndipo mayi anayankha isanalire kawiri. Kagetsi komaliza ka pawabanki ndinapatsa achimwene aja, chifukwa anali ndi alendo ena oti akumane nawo ku Likhubula mawa lake, ndipo ankafuna kudziwa nthawi imene afike.