Makoko a mandimu

Lachisanu usiku, pa 22 Disembala 2023. Kapena lafika kale Loweruka, sindinayang'ane nthawi.

M'manja mukununkhabe majarini ngakhale ndasamba kawiri. Mabisiketi ali m'ndowa, ndowayo ili pamwamba pa kabati kuopa nyerere ndi ana, koma tulo palibe. Ndiye ndati ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Nkhani yake ndi ya achemwali.

Anayimba pa WhatsApp masana, ine manja onse ali mu fulawa. Kamtsikana kanga ndi kamene kanayankha, n'kutsamiritsa foni pa mtondo kuti azindiona. Achemwali ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Kuno ku Mangochi imeneyo si nkhani, ndi mabanja angati amene alibe wawo ku Joni? Kumbuyo kwawo ndimaona khitchini ya matailosi ndi uvuni wa chitseko chagalasi. Ine ndili pakhonde, mbaula ikufuka, thukuta likuyenderera mpaka m'chitenje, chifukwa mvula yangokhalira kuopseza kumapiri a ku Namwera uko osabwera.

Akuti, "Iwe, mabisiketi a mtedza a amayi aja. Tandiuza miyezo yake ndiwaphikire ana kuno. Koma undiuze m'magalamu, ndili ndi sikelo."

Magalamu! Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Amayi sanagwirepo sikelo moyo wawo wonse. Muyezo wathu ndi kapu yachitsulo ija, yoyera ya mlomo wabuluu, yosupuka pansi, imene anabwera nayo kuchokera ku maphunziro a zophika a amayi a Mvano ife tili ana. Makapu anayi a fulawa. Imodzi ya shuga, yosadzaza. Imodzi ndi theka ya mtedza wokazinga, wopukusa, wosinja pang'ono chabe kuti usafike pa nsinjiro, uzimveka m'mano. Mazira awiri, kamchere, kasupuni ka soda. Majarini wochuluka ngati chibakera cha amayi. Chawo, osati changa. Tsono chibakera cha munthu amene ali kumanda ndi magalamu angati?

Sindinanene choncho. Ndinanena choipa kuposa pamenepo. Ndinati, "Kapu ili konkuno, achemwali. Bwerani mudzayeze nokha."

Anakhala chete. Kamtsikana kanga kanandiyang'ana, kenaka kanayang'ana kumbali.

Ndikudziwa kumene mawu amenewo anachokera, ndipo nawonso akudziwa. Amayi anatisiya mu Januwale 2021, nthawi ija South Africa inatseka zipata zake zapamtunda chifukwa cha Covid. Achemwali maliro anaonera pa foni. Si mlandu wawo, ndadziuza zimenezo kambirimbiri. Ndalama ankatumiza mwezi ndi mwezi, bokosi anagula ndi iwo. Koma amene ankatembenuza amayi usiku, kuchapa zofunda, kugona pansi pa simenti kuchipatala, ndi ine. Ndiye penapake mumtima ndinadzipatsa ndekha malipiro: kapu ija ndi yanga, mabisiketi ndi anga, zimene amayi ankadziwa zinatsala mwa ine. Palibe anandipatsa udindo umenewu, ndinangoutenga.

Atakhala chete choncho, anangofunsa mofatsa, ngati sanamve zija. "Mandimu waika?"

"Mandimu ati?"

"Amayi ankapaliramo makoko a mandimu. Ankapala pa chivindikiro cha chitini chobooledwa ndi msomali. Ine ndi amene ndinkatumidwa kukathyola kuseri kwa bafa."

Ndinakana. Ndinati mwaiwala, zaka zachuluka, mwina mukusokoneza ndi makeke a kwanuko. Mawu oti "kwanuko" ndinawatchula mwadala. Kenaka bandulo inatha, kapena anadula ndi iwo, sindikudziwa.

Poto woyamba anali kale pamoto. Kwa amene sanaphikepo chonchi: ndimathira mchenga pansi pa poto wamkulu, wokhuthala ngati zala ziwiri, ndiika mbale yachitsulo ya mabisiketi pamwamba pa mchengawo, ndivindikira ndi lata, makala ambiri pamwamba, ochepa pansi. Mchenga umagawa moto kuti pansi pasapsereze. Magetsi sindiwadalira pa ntchito imeneyi, anandichititsapo manyazi. Kufulula ndimafulula ndi botolo la Sobo, kudula ndi mlomo wa tambula, kenaka foloko pamwamba kuti pakhale timizere. Anatuluka bwinobwino, ofiirira m'mbali, monga amatulukira chaka chilichonse. Bambo a kunyumba anadya atatu ali chiimire, n'kunena mawu awo a chaka ndi chaka, akuti ngati aphika ndi apongozi.

Koma mtima sunandilole. Ndinatuma mwana panjinga kumsika, anabwera ndi mandimu awiri obiriwira, olimba ngati miyala. Ndinachita kudandaula ndi mtengo wake, ngakhale masiku ano ndi chiyani chimene sitikudandaula nacho. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mwezi wathawu, fulawa ndi majarini ndagula ngati ndikugula mbuzi. Mtedza nawo, Disembala ino anthu adzala, wotsala m'nyumba ndi wochepa, wogulitsa amachita kukuyang'ana ngati ukumupempha mbewu. Komanso nyanja ndi yotseka kwa a makoka, bambo a kunyumba geni yawo ya nsomba yazilala, ndiye mabisiketi a chaka chino ndi ouma khosi basi. Anandifunsa sabata yatha ngati n'kofunikadi. Sindinawayankhe.

Ndinatenga chivindikiro cha chitini cha mkaka, msomali ndi mwala, ndi kuboola. Ndinapala mandimu aja mu ufa wotsala, ndikudziuza kuti ndikungofuna kutsimikiza kuti achemwali akunama.

Nditakweza lata ndi chitenje, nthunzi inandimenya kumaso, ndipo ndinangokhala pansi pa mkeka. Linali fungo la nyumba yathu ya ku Mpondasi. Osati lofanana nalo, lomwelo. Ndinaona chitseko cha khitchini chija chomangira waya, nsapato zatsopano za Khirisimasi zimene tinkaletsedwa kuvala tsiku lisanafike, amayi atamanga duku akupemerera makala ndi mbale. Ndipo ndinaukumbukira mtengo wa mandimu uja. Unalipodi, kuseri kwa bafa. Anaudula pomanga mpanda ine ndili sitandade 4 kapena 5. Pamene amayi ankayamba kundiphunzitsa ineyo kukanda, mtengo unali utapita kale, ndipo amayi sanali munthu wogula mandimu chifukwa cha mabisiketi. Ndiye chimene ndakhala ndikusunga ngati chuma, Khirisimasi zitatu tsopano popanda iwo, ndi mabisiketi a amayi atakalamba. A amayi ali ndi mphamvu zawo ali m'mutu mwa achemwali, ku Joni.

Zandipweteka, ndisabise. Sindikudziwanso ngati chikundipweteka ndi kulakwa kwanga kapena kulondola kwawo.

Chakumadzulo ndinapatula mbale ya anansi athu. Ndi Asilamu, pa Eid mpunga wa nyama ndi mandasi zimadumpha mpanda kubwera kuno, pa Khirisimasi mbale yomweyo imabwerera ndi mabisiketi. Mayi wa kumeneko analawa limodzi la mandimu, n'kunena kuti chaka chino mwasintha, mwaikamo chiyani? Ndinati ndi mmene ankapangira amayi. Anandiyang'ana modabwa, chifukwa ndi mawu omwewo amene ndakhala ndikuwauza zaka zonsezi za mabisiketi enawo.

M'ndowa ndasiyanitsa ndi pepala, a mandimu pansi, enawo pamwamba. Sindikudziwa chifukwa chake. Ana sasamala, kwa iwo bisiketi ndi bisiketi bola pali Fanta.

Ndagula bandulo ina. Ndalemba kuti "Achemwali, munanena zoona" ndi kufufuta. Ndalemba miyezo ya makapu ndi kufufutanso, chifukwa kapu yawo si kapu yathu. Pa golosale ya pafupi ndi pa roundabout pali sikelo imene amayezera mpunga, mwina mawa ndingapite ndi kapu ija ndi kafulawa m'jumbo, ndikapemphe mnyamata wa pamenepo andiyezere. Adzandiseka. Nanga majarini ndidzayeza bwanji, ndidzakunge chibakera pa kauntala?

Akuoneka kuti ali pa intaneti. Nthawi ya kuno ndi ya kumeneko ndi imodzimodzi, ndiye nawonso sanagone. Kunja kwayamba kuwaza, ndipo makala ndinawasiya pabwalo.