Gemu ya kabaza, sabata ya 14: ndaipereka m'manja mwa ena

Gawo lachiwiri ndalimaliza Lachinayi usiku. Kwa amene mwangofika kumene: ndikupanga kagemu ka pa foni pogwiritsa ntchito Godot, pulogalamu yopangira magemu. Wakabaza amanyamula thumba la mbatatesi ku Bembeke n'kutsika nalo mpaka pa msika wa Lizulu, akuzemba maenje, mbuzi ndi mathiraki a pa M1. Thumba likagwa, wayambiranso.

Gawoli ndalisewera kosawerengeka, moti ndimalimaliza dzanja lina lili pa kapu ya tiyi. Ndiye mumtima ndinkati latesitidwa mokwanira. Loweruka ndinapereka foni kwa anthu awiri: mwana wa mlongo wanga wa Sitandade 6, ndi alamu anga amene ukabazawo ndiye ntchito yawo yeniyeni.

Mwanayu msewu sanautsate n'komwe. Atangoyamba anakhotera kumanzere, kulowa m'munda wa chimanga umene ndinangoujambula kuti m'mbali musaoneke mopanda kanthu. Anakagunda mwala wa pakona, kubwerera m'mbuyo, kuugundanso. Kachitatu ndinangomva, "Amalume, njinga yamira pansi, ikungopita!" Kuyang'ana pa skirini, wakabaza wanga akugwa m'chimdima chopanda malire, thumba lili chimangire. Pakati pa mwalawo ndi nthaka ndinasiya kampata mu collision shape, malire osaoneka amene amatchinga njinga kuti isapyole zinthu. Masabata onsewa sindinapondeko kumeneko, chifukwa zala zanga njira zinailoweza kale, zimangodutsa momwe ndinakonza kuti muzidutsidwa.

Alamu nawo anatsika chitsikire mtsetse wonse osagwira mabuleki, n'kukagwera mu ngalande kasanu. Batani la mabuleki ndinaliika pakona ya m'munsi, penipeni pamene chala chawo chachikulu chimaphimba. Pakamwa panandiyabwa kuti ndiwauze, koma ndinadziluma lilime. Pomaliza anandibwezera foni n'kunena kuti, "Alamu, thumba la makilo 50 lili kumbuyo njinga siikhota msanga chonchi. Imayamba yakana kaye." Ine amene ndinakhala usiku wathunthu ndikusintha manambala a liwiro, za kulemera kwa katundu pokhota sindinaziganizeko.

Kukhala chete uku ndinakuphunzira kwa a Valve, kampani yopanga magemu. Iwo amadziwika kuti gemu ikadali yosatha amaitana anthu akunja pafupipafupi, n'kumangowaonerera osawathandiza. Mu gemu yawo ya Portal ya 2007 muli chibokosi chimene wosewera amayenera kuyenda nacho gawo lonse. Oyeserera ankangochisiya m'mbuyo, ndiye opangawo anachijambula kamtima kapinki n'kuika mawu ochitchula mobwerezabwereza kuti munthu achikonde. Lero n'chimodzi mwa zinthu zimene anthu amaikumbukira nazo gemuyo. Chibokosicho sichinali ndi bug (cholakwika cha mu pulogalamu) ayi, chimene chinkavuta n'chakuti anthu sankachita zimene opanga ankayembekezera. Ndiye pali ntchito ziwiri apa: kusaka zoonongeka, monga dzenje limene mwana uja anapeza, ndi kuonerera ngati munthu akumvetsa, monga za mabuleki a alamu.

Chandichititsa manyazi kwambiri ndi nkhungu. Ndinaika nkhungu ya m'mamawa ngati imene imakuta phiri la Dedza mu June, ndipo pa laputopu yanga imakongola zedi. Titaiyesa pa foni ya alamu, ya mphamvu yochepa (RAM ya 2GB), gemu inayamba kudukiza ngati kanema wa pa netiweki yofooka. Ndinakumbuka momwe ndinkanyozera gemu ya Cyberpunk 2077 itatuluka mu December 2020, ndikumati kodi anthuwa gemu yawo saisewera? Pa PlayStation 4, makina osewerera magemu a Sony, inkavuta kwambiri mpaka Sony anaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti, n'kudzaibwezera mu June 2021. A CD Projekt, eniake gemuyo, anavomera kuti mtima wawo wonse unali pa ya kompyuta, ndipo ntchito yoitsitsira pa makina akale anaichepetsa. Ine ndachita zomwezo, kungoti kagemu kanga akuona ndi anthu awiri pakhonde.

Lamulungu masana magetsi atabwera ndinatseka kampata kaja n'kuzungulira miyala yonse ya m'gawoli umodziumodzi, ndipo ndinapeza ina iwiri yotero. Batani la mabuleki ndalikweza m'mwamba n'kulikulitsa. Nkhungu ndaichotsa kaye, ngakhale zikundiwawa. Za njinga kukana pokhota sindinazithe, ndikaonjezera kulemera ikumayenda ngati ngolo.

Loweruka likubwerali foni ndikapereka kwa mayi anga aang'ono amene amagulitsa kabichi pa Lizulu pompo. Gemu ya pa foni sanaseweleko chibadwire. Mwana uja ndamulonjeza chipisi pa dzenje lililonse latsopano limene apeze, ndipo wayamba kale kufunsa ngati m'munda wa kumanja ndinayang'anamo.